Kuchita Savisi Nokha pa Galimoto Yaing'ono Yochokera ku Japan

Galimoto zing'onozing'ono zomwe zadzaza m'misewu ya ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, monga Toyota Vitz, Passo, Daihatsu Mira, Nissan March ndi Honda Fit, sizifa kawirikawiri chifukwa cha ukalamba. Zambiri zimaphedwa ndi zinthu zitatu zotsika mtengo: oyilo wokhalitsa kapena wolakwika, madzi a redieta osasamalidwa, ndi fumbi lolowa mu injini. Eni ake ena amadikira kuti nyali yofiira iyake kaye ndiye athamangire kugalaja, pamene ena amayesa kugwira okha ntchitoyi koma amathera pakuononga mazinga a bawuti ya pansi pa injini, kapena kuthira mafuta osayenera mu giyaboksi. Malangizo awa ndi a savisi yomwe munthu wosamala angathe kuchita pakhomo m'mawa umodzi wa Loweruka. Zitsanzo zambiri zatengedwa pa Vitz, popeza ndi imodzi mwa galimoto zomwe ambiri ali nazo, koma ndondomeko yake ndi yofanana pa galimoto zina zazing'ono za petulo.

Zipangizo zofunika

- Jeke, pamodzi ndi masitandi awiri achitsulo okhazikapo galimoto ikakwezedwa.
- Masoketi ndi masipanala a 10, 12 ndi 14, soketi yaitali ya mapulagi, ndi sipanala ya matayala, yomwe pa Toyota zambiri ndi ya 21.
- Chomasulira fyuluta ya oyilo.
- Beseni lakale lokwana malita 5 kapena kuposerapo, faneli, ndi chigubu chokhala ndi chotsekera.
- Ziguduli zoyera, magolovesi ndi tochi.
- Geji yoyezera mpweya wa matayala.
- Sipanala yomwe imalira ikafika pa mphamvu imene mwaitchera, ngati mungathe kugula kapena kubwereka. Si yokakamiza, koma imapulumutsa mabawuti ambiri.
- Kabuku ndi cholembera, zomwe zizikhala m'galimoto momwemo.

Zogula

- Oyilo wa injini, chigubu cha malita 4.
- Fyuluta ya oyilo ndi wasala watsopano wa bawuti yotulutsira oyilo.
- Fyuluta ya mpweya wa injini, komanso ya mpweya wa m'kati ngati galimoto ili nayo.
- Madzi a redieta enieni, osati a pampopi.
- Mafuta a mabuleki a mtundu wolembedwa pa chotsekera, womwe nthawi zambiri ndi DOT 3.
- Mapulagi, ngati nthawi yake yakwana.

Dziwani kaye galimoto yanu

1. Lembani nambala ya chasisi ndi ya injini musanapite kukagula chilichonse. Dzina loti Vitz palokha silikwanira, chifukwa galimoto zooneka chimodzimodzi zimakhala ndi injini zosiyana. Nambalazi zili pa kachitsulo kapena kapepala komata pa chipilala cha chitseko kapena pansi pa boneti, ndiponso ya chasisi ili pa chikalata cha umwini wa galimoto. Vitz yomwe nambala yake ya chasisi imayamba ndi KSP ili ndi injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu, ya SCP90 ili ndi 2SZ-FE, ya NCP91 ili ndi 1NZ-FE, ndipo ya NSP130 ili ndi 1NR-FE kapena 1NR-FKE malinga ndi chaka. Mukafika kwa ogulitsa zipangizo ku Malangalanga, ku Limbe kapena ku Ndirande, perekani nambalazi, ndipo ngati n'kotheka tengani chithunzi cha fyuluta yakale pafoni kuti mukayerekeze.

*Chenjezo:* wogulitsa akanena kuti "zonse ndi chimodzimodzi bwana", musangovomera. Fyuluta ikhoza kumangika bwinobwino koma labala wake n'kukhala wosakwana, ndipo zikatero oyilo amatha pamsewu inu musakudziwa.

2. Fufuzani kuti savisi yomaliza inachitika liti. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi kapepala komata m'mbali mwa chitseko cha dalaivala kapena pansi pa boneti, kosonyeza makilomita ndi tsiku lomwe oyilo anasinthidwa. Chaka chimalembedwa motsatira kalendala ya kumeneko: chikayamba ndi H muphatikize 1988, ndipo chikayamba ndi R muphatikize 2018. Motero H30 ndi 2018, pamene R3 ndi 2021. Mukawerenga tsikulo, kumbukiraninso kuti galimotoyo inakhala payadi, inakwera sitima, kenako inayenda ulendo wautali kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kapena kuchokera ku doko lina, pa oyilo yemweyo. Galimoto yomwe mwangoigula kumene, kaya kunja kaya kwa munthu wina konkuno, ichitireni savisi yonse nthawi yomweyo ngakhale wogulitsa atalumbira kuti anasintha dzulo, kuti kuwerengera kwanu kuyambire pa tsiku lomwe mukulidziwa.

Kusintha oyilo ndi fyuluta yake

3. Sankhani oyilo woyenera. Injini zazing'onozi zinapangidwa kuti ziziyendera oyilo wopepuka, monga 5W-30, ndipo zina zatsopanoko zimalembedwa 0W-20. Pachigubu pakhale chizindikiro cha API chosonyeza SL, SM, SN kapena chatsopano kuposa pamenepo. Ambiri amathira 20W-50 poganiza kuti oyilo wolemera ndiye woteteza, makamaka kuno kotentha, koma mu injini izi muli timipata tating'ono kwambiri, komanso dongosolo la VVT-i, losintha nthawi yotsegukira mavavu, lomwe limagwira ntchito ndi mphamvu ya oyilo, moti oyilo wolemera amachedwa kufika kumtunda m'mawa injini ikangolira. Injini ya 1KR-FE imalowa malita atatu ndi pang'ono, ya 1NZ-FE imalowa pafupifupi malita 3.7, ndipo ya Mira siikwanitsa n'komwe malita atatu. Gulani oyilo wa m'chigubu chosatsegulidwa pamalo odalirika, ndipo pewani woyezedwa m'mabotolo m'mphepete mwa msewu.

4. Tenthetsani injini pang'ono, kenako ikani galimoto pamalo osalala ndi olimba. Mphindi zisanu zikukwana kuti oyilo asungunuke bwino popanda kukutenthani manja. Zimitsani injini, ikani giya pa P, kokani handibuleki, ndipo tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala kapena matabwa.

5. Kwezani kutsogolo ndi kukhazika galimoto pa masitandi. Jeke imagwira pa msoko wachitsulo womwe uli kunsi kwa chitseko, pakati pa timabala tiwiri tomwe anadula dala posonyeza malo ake. Mukakhazika pa masitandi, igwedezeni ndi manja kuti mutsimikize kuti yakhazikika.

*Chenjezo:* musalowe pansi pa galimoto yomwe yagwiridwa ndi jeke yokha. Njerwa zowotcha ndi mabuloko a simenti sizilowa m'malo mwa masitandi, chifukwa zimasweka mwadzidzidzi popanda kupereka chizindikiro chilichonse. Pabwalo ladothi, makamaka m'nyengo ya mvula, ikani thabwa lokhuthala pansi pa jeke ndi pansi pa sitandi iliyonse.

6. Tulutsani oyilo wakale. Tsegulani chotsekera cha pamwamba pa injini kuti oyilo atsike mosavuta. Pansi, pezani bawuti ya pa chitini cha oyilo wa injini, yomwe pa Toyota ndi ya 14, ikani beseni motsogozako pang'ono chifukwa oyilo amayamba ndi kuthamanga cham'mbali, ndipo masulani molowera kumanzere. Mapeto ake malizani ndi zala, mukuikankhira m'kati, kenako ichotseni msanga. Siyani oyilo adonthe kwa mphindi khumi kapena kuposerapo.

*Chenjezo:* giyaboksi nayo ili ndi bawuti yake pansi, ndipo ili pafupi. Anthu ena atulutsapo mafuta a giyaboksi, n'kuthira oyilo watsopano pamwamba pa wakale mu injini, kenako n'kunyamuka ndi giyaboksi youma. Ngati zomwe zikutuluka zili zofiirira kapena zoyera ngati mafuta ophikira m'malo mokhala zakuda, bwezeretsani bawutiyo msanga ndipo musalize galimoto mpaka mafutawo atabwezeretsedwa pa mlingo wake.

Pamene oyilo akudontha, muyang'anitsitseni ndi tochi. Kuda kokha si vuto. Koma akaoneka ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi akulowa mu injini, ndipo mukaona tizitsulo tonyezimira pansi pa beseni ndiye kuti china chake chikudyeka m'kati. Zonse ziwirizi ndi za makaniko, ndipo si zodikira mwezi uthe.

7. Bwezeretsani bawuti ndi wasala watsopano. Apa ndi pomwe ambiri amaonongera. Pukutani bawuti ndi pakamwa pa bowo, onetsetsani kuti wasala wakale sanakanirire pachitini, ndipo lowetsani bawutiyo ndi zala zokha mpaka itafika kumapeto. Ikayamba kulimba mutangoizunguza kamodzi kapena kawiri, ndiye kuti yalowa mopingasa. Itulutseni muyambirenso, musaikakamize ndi sipanala. Ikakhala pamalo pake, mangani ndi sipanala yaifupi ndi dzanja limodzi mpaka mutamva wasala waphwanyika pang'ono n'kugwira. Ngati muli ndi sipanala yoyezera, mphamvu yake pa injini izi imakhala pakati pa 30 ndi 40 Nm. Musalumikize paipi ku sipanala ndipo musaponde ndi mwendo. Chomwe chimatseka oyilo ndi wasala, ndipo wasala ndi wotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi chitini chatsopano.

8. Sinthani fyuluta ya oyilo. Sunthani beseni likhale pansi pa fyuluta, imasuleni ndi chomasulira chake, ndipo yembekezani kuti oyilo wina atayika. Yang'anani ngati labala wozungulira wa fyuluta yakale watuluka nayo limodzi, chifukwa akatsalira pa injini n'kukumana ndi watsopano, oyilo amapopera panja injini ikangolira. Pakani oyilo watsopano pang'ono pa labala wa fyuluta yatsopano, imangeni ndi dzanja mpaka labalayo akhudze chitsulo, kenako onjezerani pang'ono osakwanitsa kuzungulira kamodzi. Chomasulira chija ndi chomasulira basi, osati chomangira. Injini zina, monga 1NR-FE, zili ndi fyuluta ya pepala yokhala m'chikho chomwe sichitayidwa. Pamenepo mumasintha pepala ndi labala yemwe amabwera nalo m'kabokosi.

9. Thirani oyilo watsopano ndi kuyeza. Tsitsani galimoto kuti ikhale yowongoka. Thirani mochepekera pang'ono pa mlingo wa injini yanu, tsekani, lizani injini kwa mphindi imodzi, ndipo onetsetsani kuti nyali yofiira ya oyilo yazima m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo. Suzumirani pansi ndi tochi kuona ngati pa bawuti kapena pa fyuluta pakudontha. Mukazimitsa, dikirani mphindi zisanu, solorani kandodo koyezera, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, kenako kasoloreninso. Oyilo afike pafupi ndi kadontho ka pamwamba koma asapitirire. Musakhuthulire chigubu chonse cha malita 4 mu injini yolowa malita atatu pofuna kuti wotsala asaonongeke. Oyilo wochuluka amachita thovu, amakankha malabala n'kuyamba kuchucha. Wotsalayo musungeni kuti muzionjezera pakati pa savisi.

Oyilo wakale muthireni m'chigubu, mutseke, ndipo funsani kugalaja kapena pamalo omwetsera mafuta ngati amalandira. Musamukhuthulire m'ngalande, m'chimbudzi chokumba kapena pafupi ndi chitsime.

Pa funso loti oyilo asinthidwe liti, malangizo anga ndi makilomita 5,000 kapena miyezi isanu ndi umodzi, chomwe chayamba kukwana. Mabuku a ku Japan amalola mtunda wotalikirapo, koma misewu yathu yafumbi, mizere ya magalimoto ya m'tauni ndi maulendo aafupi omwe injini siitenthera bwino zimakalambitsa oyilo msanga.

Mpweya ndi mapulagi

10. Yang'anani fyuluta ya mpweya. Ili m'bokosi lakuda lapulasitiki lotsekedwa ndi timakilipi. Itulutseni, onani mmene inakhalira kuti yatsopano ilowe chimodzimodzi, ndipo iunikeni padzuwa. Ngati kuwala sikukudutsa, kapena pepala lang'ambika, isintheni. Pukutani m'bokosimo ndi chiguduli chonyowa pang'ono, mosamala kuti fumbi lisagwere ku paipi yopita ku injini. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa, munthu woyenda misewu yadothi aziyang'ana fyulutayi mwezi uliwonse. Kuigogoda pang'ono kuti fumbi ligwe n'kololedwa, koma musaichape ndipo musaipopere ndi mpweya wamphamvu, chifukwa pepala limabooka timabowo tosaoneka ndi maso. Potseka, onetsetsani kuti chivundikiro chakhala bwino mbali zonse. Bokosi losatseka bwino limalowetsa fumbi ngakhale fyuluta ili yatsopano.

11. Sinthani fyuluta ya mpweya wa m'kati. Pa galimoto zambiri ili kuseri kwa kabokosi kosungiramo zinthu kutsogolo kwa mpando wa wokwera. Ili ndi muvi wosonyeza mbali yoyang'ana kumwamba kapena komwe mpweya ukulowera, ndipo ntchito yake siitenga mphindi zisanu.

12. Sinthani mapulagi ngati nthawi yakwana, injini ili yozizira. Mapulagi wamba amatha pa makilomita pafupifupi 20,000, pamene a iridium okhalitsa amatha kufika 100,000. Zizindikiro zoti atopa ndi kunjenjemera kwa injini galimoto itaima, kuchedwa kulira m'mawa, ndi kumwa petulo mopitirira. Gwirani pulagi imodzi pa nthawi. Zulani waya wa koyilo, kachipangizo kokhala pamwamba pa pulagi, mutadina kakilipi kake, masulani kabawuti ka 10, solorani koyilo, uzirani m'dzenjemo kuti mchenga uchoke, kenako masulani pulagi. Yatsopano ilowetseni ndi soketi yogwira ndi zala zokha mpaka itakhala pansi, ndipo mangani motsatira chithunzi cha pa kabokosi kake.

*Chenjezo:* mutu wa injini izi ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa, choncho pulagi yolowa mopingasa kapena yomangidwa mopitirira imadya mazinga ndipo kukonza kwake n'kodula. Musakhudze kansonga ka pulagi ya iridium pofuna kusintha mpata wake. Eni Honda Fit yoyambirira ya injini ya i-DSI adziwe kuti ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo, ndipo akumbuyowo amaiwalika kawirikawiri.

Madzi ndi mafuta ena

13. Onani madzi a redieta injini itazizira kotheratu. Yang'anani mlingo pa kachigubu koonekera kam'mbali, kenako tsegulani chotsekera cha redieta muone ngati madzi afika pakamwa. Toyota zambiri zimabwera ndi madzi apinki kapena ofiira, pamene zina zimakhala ndi obiriwira kapena abuluu. Onjezerani a mtundu womwe uli kale m'menemo. Madzi akasanduka adzimbiri, akufunika kutulutsidwa onse. Finyani mapaipi a labala kuti mumve ngati afewa kwambiri, atupa kapena achita ming'alu, ndipo chotsani udzu ndi tizilombo tomwe tatseka kumaso kwa redieta.

*Chenjezo:* musatsegule redieta yotentha, chifukwa madzi ake amadumpha ndi mphamvu ndipo amasupula khungu. Madzi a pamjigo kapena a pampopi ndi opulumukira pamsewu basi. Mukawasiya m'menemo amaumba miyala ndi dzimbiri m'timipata ta redieta. Madzi a redieta ndi poizoni ndipo amatsekemera, choncho asungeni kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo musawathire m'botolo la chakumwa.

14. Onani mafuta a mabuleki. Kachigubu kake kali kumbuyo kwa injini, mbali ya dalaivala. Mlingo umatsika pang'onopang'ono pamene mapadi akudyeka, ndipo zimenezo si zachilendo; koma ukatsika msanga ndiye kuti penapake pakuchucha, ndipo galimotoyo isayende. Mafutawa amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amafunika kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, komanso botolo lomwe linatsegulidwa kalekale si loyenera kugwiritsa ntchito. Akadonthera pa penti, tsukanipo ndi madzi msanga.

15. Mafuta a giyaboksi muwaone, koma musafulumire kuthira. Galimoto zambiri zazing'onozi zili ndi giyaboksi ya CVT, yomwe imayendera lamba wachitsulo ndipo imafuna mafuta akeake. Toyota imagwiritsa ntchito CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka, Nissan imagwiritsa ntchito NS-2 kapena NS-3, ndipo Honda imagwiritsa ntchito HMMF kapena HCF-2. Mafuta ofiira a giyaboksi wamba akalowa mu CVT, lamba amayamba kuterereka, ndipo mapeto ake ndi kugula giyaboksi ina. Ngati galimoto yanu ili ndi kandodo koyezera, onani mtundu wolembedwa pamenepo, ndipo nunkhizani ngati mafuta akumveka kupsa. Zambiri zilibe kandodoko, ndipo mlingo wake umayezedwa pa kutentha kwapadera. Imeneyo ndi ntchito ya makaniko wodziwa CVT, koma mafutawo mukagule nokha ndipo muone akutsegulidwa.

Batire ndi lamba

16. Tsukani mitu ya batire. Masulani waya wa chizindikiro chochotsera poyamba, kenako wa chophatikiza. Pobwezera yambani ndi wa chophatikiza. Ufa woyera kapena wobiriwira womwe umaunjikana pamitu umachoka ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda wophikira, ndipo mukaumitsa n'kumanga, pakanipo girisi pang'ono. Batire yokhala ndi zotsekera muithire madzi a batire okha, osati asidi. Onetsetsani kuti chitsulo chomangira batire chilipo ndipo chagwira, popeza batire yodumphadumpha m'maenje a pamsewu siikhalitsa.

*Chenjezo:* mawailesi ambiri a ku Japan okhala ndi mapu, akadulidwa magetsi, amafuna nambala yachinsinsi kapena khadi lawo la mapu kuti ayakenso. Musanazule batire, tsimikizani kuti khadilo lilimo. Pa galimoto za hybrid, monga Toyota Aqua, musakhudze mawaya aolenji; amenewo amanyamula magetsi otha kupha munthu.

17. Yang'anani lamba wa kunja kwa injini. Injini itazima, muunikeni ndi tochi kuona ming'alu, kunyezimira kapena ulusi wotuluka m'mbali. Kulira kwa tswii m'mawa kapena mukayatsa choziziritsa mpweya kumasonyeza kuti wakhwepa kapena watha. Injini za Vitz zomwe zatchulidwa pamwambapa zimayendera tcheni m'kati, osati lamba, choncho munthu asakulipiritseni lamba wa taimingi yemwe mulibe. Chomwe chimasamalira tchenicho ndi oyilo woyera.

Matayala ndi mabuleki

18. Yezani mpweya matayala ali ozizira. Mlingo woyenera uli pa kapepala ka pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, ndipo umalembedwa mu kPa. 220 kPa ndi chimodzimodzi 2.2 bar kapena 32 psi. Nambala yolembedwa pa tayala ndi malire ake, si mlingo wopopera. Katayala kopyapyala kapadera kamafuna 420 kPa ndipo sikayenera kupitirira liwiro la makilomita 80 pa ola.

19. Werengani matayala. M'mbali muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chomwe tayala linapangidwa. 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Tayala lokalamba limauma ndi kuchita ming'alu ngakhale mapazi ake akuoneka akuya. M'mizere ya tayala muli timilatho tating'ono tosonyeza malire a 1.6 mm, ndipo tikafanana ndi pamwamba ndiye kuti tayalalo latha. Yang'ananinso mawu oti STUDLESS: amenewo ndi matayala a chipale chofewa omwe galimoto zina zimabwera nawo, ndipo pa phula lotentha kapena lonyowa sagwira bwino mabuleki, choncho asintheni ngakhale akuoneka atsopano. Tayala lodyeka mbali imodzi likusonyeza kuti miyendo yapotoka, zomwe zimachitika kawirikawiri munthu akagunda dzenje.

20. Chotsani matayala akutsogolo muone mapadi. Masulani manati pang'ono galimoto ili pansi, kwezani, khazikani pa sitandi, kenako chotsani tayala. Mapadi akatsala pafupifupi 3 mm akufunika atsopano, mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Mukadali pomwepo, onani labala wopindikapindika wa pa shafuti; akang'ambika, girisi amamwazikira m'kati mwa limu ndipo mchenga umalowa, kenako mumayamba kumva phokoso la kha-kha-kha pokhota. Pobwezera tayala, lowetsani manati ndi zala, mangani modumphitsa, ndipo malizani galimoto ili pansi. Pa Toyota mphamvu yake ndi 103 Nm.

Kumaliza

21. Yesani nyali zonse, hutala ndi mawaipa, kenako yendani pang'ono. Izi ndi zina mwa zomwe amayang'ana pokatenga COF, choncho ndi bwino kuzipeza nokha. Musananyamuke, pondani buleki kangapo mumve ngati yalimba, ndipo werengani zipangizo zanu kuti pasatsale sipanala pansi pa boneti. Mukabwerera, yang'ananinso pansi pa injini, yezaninso oyilo, ndipo mawa lake m'mawa onani ngati pamalo pomwe galimoto inagona pali dontho.

22. Lembani m'kabuku. Tsiku, makilomita, mtundu wa oyilo, nambala za mafyuluta, zomwe mwasintha ndi zomwe mwaona kuti zatsala pang'ono kutha.

Zolakwa zomwe zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kumanga mopitirira. Bawuti ya oyilo, fyuluta, mapulagi ndi timabawuti ta makoyilo zonse zimaonongeka ndi mphamvu zochuluka kuposa mmene zimaonongekera ndi mphamvu zochepa, ndipo lamulo loyamba kulowetsa ndi zala limagwira pa zonsezi.

Chachiwiri ndi kungoonjezera oyilo osasintha, poganiza kuti popeza injini imamwako pang'ono ndiye kuti oyilo amakhala watsopano nthawi zonse. Litsiro silipsa limodzi ndi oyilo. Limatsalira n'kusanduka phala lakuda lomwe limatseka sefa ya pampu. Chofanana nacho ndi kusintha oyilo n'kusiya fyuluta yakale.

Pali chizolowezi china chomwe chafala kwambiri, chochotsa themositati, kachipangizo kowongolera kayendedwe ka madzi pakati pa injini ndi redieta, galimoto ikangoyamba kutentha, ponena kuti kachipangizoko n'ka mayiko ozizira. Injini yopanda themositati imachedwa kufika pa kutentha kwake, kompyuta imapitiriza kuthira petulo wambiri ngati kuti ndi m'mawa, ndipo vuto lenileni, kaya ndi fani yosazungulira, redieta yotsekeka kapena chotsekera chotha mphamvu, limakhala lilipobe. Themositati yoonongeka imasinthidwa ndi ina. Dziwaninso kuti galimoto zambiri zazing'onozi zilibe muvi wosonyeza kutentha, zili ndi nyali yokha: yabuluu kapena yobiriwira imatanthauza kuti injini ikadali yozizira, pamene yofiira imatanthauza kuti muime pomwepo, osati mukafika kunyumba.

Ena amabisa nyali ya injini yachikasu pozula babu kapena pomata tepi. Kuwerengetsa vutolo pa kompyuta sikutenga nthawi, ngakhale kuti galimoto zina zopangidwira msika wa ku Japan sizimvana ndi timakina totsika mtengo, choncho musadabwe ngati koyamba kalephera.

Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, petulo wa m'zigubu ndi kuyenda thanki ili pafupi kuuma zimaononga pampu, yomwe ili m'thanki momwemo ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Ngati mwakakamizika kugula wa m'chigubu, musefeni pa nsalu yoyera pothira, ndipo musakhuthule mpaka pansi pomwe madzi ndi litsiro zimakhazikika.

Cholakwa chomaliza ndi kusadziwa polekezera. Kutulutsa mpweya m'mabuleki, kusintha mafuta a CVT, kutsegula mabuleki akumbuyo a ng'oma, kukonza mawaya achikasu a zikwama za mpweya zoteteza pangozi, ndi chilichonse chofuna kutsegula mutu wa injini, zipite kwa makaniko. Popita kumeneko tengani kabuku kanu, muuzeni zomwe mwasintha kale ndi makilomita ake, ndipo pemphani kuti zipangizo zakale zomwe wachotsa akubwezereni.